Khofi wonyika m'madzi ozizira: mmene mungamukonzere pakhomo

Okutobala akafika, dzuwa likamaswa mtengo mpaka nkhuku kuyasama, anthu ambiri okonda khofi amayamba amusiya chifukwa kapu yotentha imangowonjezera thukuta. Komatu pali kakonzedwe kena kosafuna moto. M'malesitilanti a m'tauni amakalemba kuti cold brew, koma nkhani yake ndi yongonyika, monga tinyikira mphale. Musasokoneze ndi khofi wophika amene mwamusiya kuti azizire, chifukwa ameneyo amawawa ndipo fungo limathawa. Uyu sakumana ndi madzi otentha mpang'ono pomwe. Madzi ozizira amakoka kukoma pang'onopang'ono ndi kusiya zambiri zowawa m'maseche, n'chifukwa chake amatsika bwino pakhosi.

Poyamba pezani khofi weniweni wokazinga, osati wa m'chitini wongosungunula uja. Sitikusowa kutali: alimi a ku Misuku m'boma la Chitipa, ku Phoka m'boma la Rumphi, kumapiri a Viphya ndi a Nkhata Bay amalima khofi wa mtundu wa Arabica ndi kugulitsa kudzera ku Mzuzu Coffee, ndipo ku Thyolo nakonso alipo. Ngati mwagula wanjere, msinjeni mokhakhala kuti afanane ndi mchere wa pamsika, asachite kusalala ngati ufa woyera. Wosalala amatseka nsalu posefa, ndipo chakumwa chimatuluka chamatope. Kamtondo kakhale kotsuka ndi kouma bwino. Khofi amakoka fungo msanga, ndiye mukasinjira mmene munasinjira tsabola kapena adyo, mudzamva m'kapu.

Tsopano mvetserani za madzi, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Tikamaphika khofi kapena tiyi, moto umatiphera tizilombo ife osadziwa. Pano moto palibe. Madzi amene mwathira ndi omwewo mudzamwe, atakhalanso usiku wonse m'botolo. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 sitinauiwale. Choncho wiritsani madzi mpaka abwate kwa mphindi imodzi yathunthu, vundikirani, asiyeni azizire okha, kenako mugwiritse ntchito. Madzi othira klorini ndi otetezeka, inde, koma kafungo kake kamaphimba kukoma kwa khofi. Ine ndimalangiza owiritsa. Botolo nalo mulitsuke ndi sopo n'kulitsukuluza ndi madzi otentha. Lagalasi lokhala ndi kukamwa kwakukulu ndilo labwino. Chigubu cha mafuta ophikira ayi, ngakhale mutachitsuka kangati.

Muyezo ndi wosavuta: kapu imodzi ya khofi wosinja, makapu anayi a madzi. Amene ali ndi sikelo ayeze magalamu 80 kapena 90 pa lita imodzi. Takasani ndi supuni kuti khofi yense anyowe, pasatsale wouma woyandama pamwamba, kenako tsekani.

Mu firiji anyikidwe maola 16 mpaka 20. Kunja kwa firiji maola 12 akwana, chifukwa madzi akafunda amakoka msanga. Mukanyika 6 koloko madzulo, mmawa 6 koloko sefani. Ena amaganiza kuti akamusiya masiku awiri adzakhala wamphamvu, koma akapitirira maola 24 amayamba kumveka ngati mwatafuna khungwa la mtengo. Kumene kulibe firiji, kapena magetsi akamavutavuta, imikani botolo lotseka bwino mumtsuko wa madzi pamthunzi. Mtsuko wadothi umaziziritsa mokwanira usiku umodzi.

Posefa yambani ndi sefa ya tiyi kuti muchotse maseche akuluakulu, kenako mubwereze pa kansalu koyera kopyapyala kamene mwakawiritsa. Musafinye. Ndikudziwa kuti dzanja limayabwa pofuna kupulumutsa dontho lililonse, koma kufinya kumatulutsa matope ndi kuwawa kumene timathawa kuja. Musiyeni adonthe yekha.

Amene watuluka apa ndi wokhathamira. Lawani kaye, kenako sungunulani ndi madzi owiritsa ozizira kapena mkaka monga mukondera; ambiri amathira theka khofi, theka madzi. Shuga sasungunuka bwino m'madzi ozizira, amangokhala pansi pa kapu, ndiye muyambe mwamusungunula m'timadzi totentha pang'ono. Mkaka muthire m'kapu pa nthawi yomwa, osati m'botolo losungira. Mu firiji yoyenda bwino khofi wosefa amakhala mpaka sabata imodzi. Popanda firiji konzani wokwanira tsiku limodzi basi, ndipo akasintha fungo kapena kuchita thovu, tayani osalawa.

Kusawawa kwake kusakunamizeni kuti ndi wofooka. Kafeni, chinthu cha m'khofi chimene chimathawitsa tulo, alimo wambiri ndithu, ndipo poti amatsika ngati thobwa, munthu umapezeka wamwa makapu atatu, usiku n'kumangowerenga malata. Amayi oyembekezera amalangizidwa kusapitirira mamiligalamu 200 a kafeni patsiku, choncho kapu imodzi yosungunula bwino iwakwanire. Amene ali ndi vuto lochepa magazi asamamwere pamodzi ndi chakudya, chifukwa khofi amachepetsa ayironi amene thupi limatenga m'ndiwo. Ana musawapatse.

Maseche otsala musataye kudzala. Asakanizeni ndi masamba ouma ndi ndowe pa mulu wa manyowa, awolere pamodzi. Mukawathira mulu wokhaokha patsinde pa mbewu, amauma n'kuchita chikhokho chimene chimatchinga madzi kulowa pansi.