Kugwirizanitsa Namespace ya WS-Addressing Pakati pa WCF ndi Java

Service ya WCF (Windows Communication Foundation, chida cha Microsoft chopangira ma service) ikamakana mauthenga ochokera ku Java, chifukwa chake chikhoza kukhala chakuti mbali ziwirizi zikutsatira mitundu yosiyana ya WS-Addressing, ndondomeko yolembera mu uthenga kumene ukupita ndi kumene yankho libwerere. Mtundu wakale unaperekedwa ku W3C, bungwe lokhazikitsa ndondomeko za webu, mu Ogasiti 2004 ndi makampani monga Microsoft, IBM ndi BEA, ndipo namespace yake, adiresi imene imauzindikiritsa mu XML, ndi http://schemas.xmlsoap.org/ws/2004/08/addressing. Mtundu wa 1.0 unavomerezedwa mu Meyi 2006, ngakhale kuti namespace yake, http://www.w3.org/2005/08/addressing, ili ndi chaka cha 2005.

Yambani ndi kuwerenga uthenga weniweni wa SOAP (uthenga wa XML umene mbali ziwirizi zimatumizirana) umene ukutumizidwa, chifukwa fayilo ya makonzedwe imangosonyeza zimene munafuna kuti zichitike. Mu header muyang'ane To, Action ndi MessageID, kenako muone adiresi ya namespace imene yalumikizidwa ku chilembo choyambirira (prefix) cha mayinawa. WCF imalemba "a" pamene ena amalemba "wsa", koma kusiyana kumeneku kulibe kanthu, poti chimene chimawerengedwa ndi adiresi yokhayo. Adiresiyo ikakhala yachilendo kwa wolandira, ndipo header ili ndi mustUnderstand="1" (kutanthauza kuti wolandira ayenera kuimvetsa) monga WCF imachitira pa To ndi Action, uthenga wonse umakanidwa.

Ku mbali ya WCF, wsHttpBinding imagwiritsa ntchito SOAP 1.2 ndi WS-Addressing 1.0, pamene basicHttpBinding ilibe addressing konse. Ngati mbali ya Java ikufuna mtundu wa 2004, pangani customBinding, ndipo mu textMessageEncoding muike messageVersion kukhala Soap11WSAddressingAugust2004 kapena Soap12WSAddressingAugust2004. Sankhani mosamala pakati pa ziwirizi, chifukwa SOAP 1.1 imayenda ndi text/xml pamene 1.2 imayenda ndi application/soap+xml, ndipo mukalakwitsa mudzalandira yankho la HTTP 415, lokana mtundu wa uthengawo, header isanawerengedwe n'komwe. Ku Java, AddressingFeature ya JAX-WS (ndondomeko ya Java ya ma service a SOAP) imatsegula 1.0, ndipo Metro, laibulale yotsatira JAX-WS, ili ndi MemberSubmissionAddressingFeature ya mtundu wakale.

Chimene ambiri amaiwala ndi adiresi ya anonymous mu ReplyTo, imene imauza service kuti ibweze yankho kudzera m'njira yomwe pempho lafikira. Mu 1.0 imathera ndi /addressing/anonymous, koma mu mtundu wa 2004 imathera ndi /addressing/role/anonymous, choncho ngati munailemba pamanja muyenera kuisinthanso, apo ayi service ikhoza kuitenga ngati adiresi yeniyeni n'kuyesa kutumizako yankho. Pamene mbali zonse ziwiri zikulola 1.0, ndi bwino kusankha umenewo, n'kuulengeza mu WSDL, fayilo yofotokoza service, kuti client yatsopano iliyonse iutenge yokha.