Kufungatiritsa Mazira a Nkhuku ndi Kudziwa Chimene Chalepheretsa Anapiye Kuswa

Mazira ambiri amene amasukusa amakhala kuti anawonongeka asanalowe n'komwe m'makina ofungatirira. Sankhani mazira ochokera m'khola momwe tambala mmodzi ali ndi mathadzi osapitirira 10, ndipo musiye aakulu kapena aang'ono kwambiri, ang'alu ndi opakika zitosi. Musawatsuke, chifukwa madzi amachotsa kachiphimbo kamene kamatchinga tizilombo kuti tisalowe kudzera m'timabowo ta chigoba. Asungeni pamalo ozizira bwino, mbali yosongoka itayang'ana pansi, ndipo asapitirire masiku 7 asanayambe kufungatiridwa.

Yatsani makinawo tsiku lathunthu musanaikemo mazira, kuti muone ngati kutentha kwakhazikika pa madigiri 37.5, pamene chinyezi chili pakati pa 50 ndi 55 peresenti. Ngati makina anu satembenuza okha, lembani X mbali imodzi ya dzira ndi O mbali inayo ndi pensulo, ndipo muzitembenuza katatu kapena kasanu patsiku, kuti dzira lisagonere mbali imodzimodzi usiku uliwonse. Thadzi limachita zimenezi ndi mlomo wake popanda wolikumbutsa, n'chifukwa chake amene ali ndi mazira 10 kapena 12 okha angachite bwino kungolipatsa thadzi lofungatira, bola chisa chikhale chouma ndi chopanda utitiri.

Pa tsiku la 7, unikani mazirawo ndi tochi m'chipinda chamdima. Dzira lamoyo limaonetsa kadontho kakuda ndi timitsempha tofiira toyala ngati ukonde wa kangaude. Lowala mbee linalibe mbewu ya tambala, pamene lokhala ndi mzere wofiira wozungulira ndiye kuti mwanapiye anayamba kupangika kenaka n'kufa. Onse awiriwa achotseni, chifukwa dzira lowola likaphulikira m'makina limaipitsa anzake, osanenanso za fungo lake.

Likakwana tsiku la 18, lekani kutembenuza, onjezerani madzi kuti chinyezi chifike pa 65 mpaka 70 peresenti, ndipo mutseke makinawo. Apa ndi pamene alimi ambiri amalakwitsa, poti akangomva kulira kwa mwanapiye woyamba mtima suwapatsa mpata, amatsegula kawirikawiri kuti aone. Mpweya wouma ukalowa, kachikopa kam'kati mwa chigoba kamauma n'kumamatira mwanapiye, ndipo amafera momwemo mlomo uli kunja. Mwanapiye amene waboola chigoba amatha kutenga maola 24 asanatuluke, ndipo kumusendera msanga kumadula timitsempha tamagazi tomwe sitinaume. Anapiye amayenera kuswa pa tsiku la 21. Mazira a nkhanga amatenga masiku 26 mpaka 28, ndipo a zinziri 17 kapena 18.

Mazira otsala musangowataya kudzala. Aphwanyeni panja pa tsiku la 23, popeza ndi amene angakuuzeni pomwe panalakwika. Ngati anapiye anaswa msanga, ali ang'onoang'ono ndi michombo yosatsekeka bwino, makina anatentha mopitirira. Ngati anachedwa mpaka tsiku la 22 kapena 23, kutentha kunachepa. Mwanapiye wokhwima amene wafa asanaboole, m'dzira muli madzi ambiri, amasonyeza kuti chinyezi chinachuluka m'masabata oyamba kapena mpweya sunkalowa mokwanira. Amene wakakamira kumbali imodzi ya chigoba sanatembenuzidwe bwino. Mazira ambiri akakhala owala, vuto lili kukhola, kaya tambala wakalamba kapena chakudya cha nkhukuzo n'choperewera.

Magetsi akazima musatsegule makina. Afunditseni bulangete, mukusiya timabowo ta mpweya, ndipo ngati mdima watalika ikanimo mabotolo a madzi ofunda okulungidwa m'nsalu. Anapiye oswa asiyeni m'makinamo mpaka nthenga zitauma, kenaka muwasamutsire pamalo ofunda pomwe pali madzi akumwa m'chiwiya chosazama.