Lekani kuwayankhira achinyamata pamsonkhano

Nyengo ino, pamene magulu a alimi akhala akusankha makomiti atsopano, pali chizolowezi chimodzi chimene chandibowa. Mpando wa woimira achinyamata ulipo ndithu, dzina lalembedwa m'kaundula. Koma funso likangopita kwa mnyamatayo kapena mtsikanayo, wamkulu wina wayankha kale mwiniwake asanatsegule n'komwe pakamwa. "Iyeyu akugwirizana nazo." "Ameneyu ngwamanyazi, ndimuyankhire ine." Wapampando n'kupita ku mfundo ina. Msonkhano n'kutha, ntchito imene wachinyamatayo wagwira ili yonyamula mipando ndi kuwomba m'manja.

Ambiri ochita izi alibe mtima woipa. Amati akumuteteza kuti asachite manyazi pagulu. Koma wachinyamata amene sanayankhepo funso pamaso pa anthu omudziwa kuyambira ali khanda, adzalimba mtima bwanji kufunsa wobwereketsa ndalama kuti chiwongoladzanja n'chochuluka bwanji, nanga akachedwa kubweza amulanda chiyani? Adzangosaina. Wogula zokolola akadzamubera pasikelo, adzaona ndi maso koma adzangoti duu, n'kukadandaulira kunyumba. Akadzapita kuchipatala, adzabwera ndi mankhwala osadziwa kuti akudwala chiyani chifukwa anaopa kufunsa. Akadzalembedwa ntchito, malipiro akachedwa miyezi iwiri adzadikira kuti wina amunenere.

Gulu nalonso limaluza. Wachinyamata akabwera kawiri katatu n'kuona kuti mawu ake safunika, amasiya, ndipo sindimuimba mlandu. Kenako akuluakulu omwe aja ndiwo amayamba kudandaula kuti ana a masiku ano alibe chidwi ndi chitukuko. Chidwi chichokera kuti? Makomiti akungokalamba, mlembi ndi yemweyo chaka ndi chaka, buku la ndalama sanaligwirepo wina aliyense.

Mlimi wina wa m'gulu la ulimi wothirira anandifotokozera zimene zinamuchitikira. Atadwala, anatuma mwana wake wamwamuna, wamkulu ndithu, kumsonkhano wogawana nthawi yothirira. Munda wawo uli kumapeto kwa ngalande kumene madzi amafika mochedwa komanso atachepa, ndipo mnyamatayo ankadziwa zimenezi kuposa bambo ake popeza ndiye ankathirira. Anapatsidwa nthawi ya masana dzuwa likuswa mtengo, n'kungovomera. Atafika kunyumba bambo anamufunsa kuti nanga bwanji sunanene? Iye anati, "Bambo, munati ndikamve, simunati ndikalankhule." Mbande zimene anali atangowokera zinafota, anachita kufesa zina. Pondiuza nkhaniyi bamboyo ankapukusa mutu: "Alangizi, ine ndimayesa ndikulera mwana waulemu." Ulemu anali nawo ndithu mnyamatayo, koma sanaphunzitsidwe kuti munthu angathe kutsutsa mwaulemu.

Tonse timadziwa kuti mbande siichoka pamthunzi wa nazale n'kupita kumunda tsiku lomwelo. Timayamba tachepetsa madzi ndi mthunzi kuti ikhwime. Chodabwitsa n'chakuti ana athu timawasunga pamthunzi mpaka tsiku limene ifeyo tadwala.

Komanso kumvedwa ndi ufulu wawo, si chifundo chathu ayi. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989, m'ndime 12, limanena kuti mwana amene wafika potha kuganiza payekha ali ndi ufulu wonena maganizo ake pa nkhani zonse zomukhudza, ndipo maganizowo aziganiziridwa molingana ndi msinkhu wake ndi kukhwima kwake. Apatu akunena za osakwana zaka 18. Nanga wa zaka 22 amene mukumutseka pakamwayo? Mu 1992 katswiri wina wofufuza za ana, Roger Hart, anafotokoza kutenga nawo mbali kwa ana ngati makwerero a masitepe 8, ndipo atatu apansi anati si kutenga mbali n'komwe: kuwagwiritsa ntchito pa zofuna za akuluakulu, kuwaika ngati chokongoletsera, ndi kuwapatsa mpando wa dzina lokha. Magulu ambiri amene ndawayendera ali pamasitepe atatu amenewa. Pa 12 Ogasiti, tsiku la achinyamata padziko lonse, timawapatsa mawu olembedwa ndi akuluakulu kuti awerenge, mawa lake zonse n'kubwerera mwakale.

Chochita si chovuta. Wapampando akafunsa wachinyamata, aliyense atseke pakamwa mpaka ayankhe, ngakhale achite chibwibwi. Musaike wachinyamata mmodzi yekha m'komiti, akhale awiri kapena atatu kuti azilimbitsana mtima, ndipo atsikana asasiyidwe. Apatsidwe mitu ya zokambirana tsiku lisanafike. Kunyumba muyeserere naye: anene chimene akufuna, chifukwa chake, ndi chimene angavomere ngati choyambacho chakanika. Aphunzire kunena kuti "sindinamvetse, bwerezani" ndi "ndiloleni ndikaganize kaye" asanasaine chilichonse. Apatseni ntchito yeniyeni yokhala ndi chiyambi ndi mapeto, monga kuyang'anira nazale ya mitengo kapena kulemba zokambirana, ndipo lipoti akapereke okha. Maganizo awo akakanidwa, auzidwe chifukwa chake pomwepo. Mukamatuma mwana kumsonkhano m'malo mwanu, muuzeni kuti ali ndi chilolezo cholankhula, ndipo wapampando adziwe zimenezi.