Nsomba za m'damu zimamva: ziphunzitseni kubwera pa chakudya

Alimi ambiri a nsomba amaganiza kuti poti chambo chilibe makutu ooneka ndiye kuti n'chogontha. Makutu chili nawo, koma ali m'kati mwa mutu, kumbuyo kwa maso. M'menemo muli timiyala tolimba tomwe timagwedezeka mosiyana ndi thupi lonse phokoso likadutsa, ndipo kugwedezekako ndi komwe ubongo umalandira. Mlamba umamva kuposa chambo chifukwa kathumba kake ka mpweya n'kolumikizika ndi khutu kudzera m'timafupa ting'onoting'ono.

Gwirani chambo kapena makumba muone m'mbali mwake: pali kamzere ka timabowo pa mamba, kodukiza pawiri, kena m'mwamba kena chakumchira. Kamzereka kamamva kuyenda kwa madzi pafupi ndi nsomba. N'chifukwa chake nsomba zimathawa khoka lisanazikhudze, ngakhale madzi atakhala obiriwira osaoneka pansi.

M'madzi phokoso limayenda mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi, pamene mumpweya limayenda mamita 340 okha. Koma mawu olankhulira kumtunda ambiri amangobwerera akafika pamwamba pa madzi. Choncho kuitana nsomba ndi likhweru sikuthandiza kwenikweni. Chomwe chimazifika bwino ndi mgugu wodzera m'nthaka kapena m'chinthu chomizidwa.

Zikani nsungwi imodzi m'madzi chakosaya, pamalo pomwe muzidyetsera masiku onse. Muzidyetsa kawiri pa tsiku, cha m'ma 9 koloko m'mawa dzuwa litatenthetsa madzi, ndi cha m'ma 3 koloko masana. Gogodani nsungwiyo ndi kamtengo katatu kapena kanayi mosamenyetsa, ndipo nthawi yomweyo wazani madeya kapena chakudya chogula. Kagogodedwe kakhale komweko, malo omwewo, nthawi yomweyo. Masiku oyamba zidzathawa, koma musasiye. Zikazolowera zimasonkhana musanawaze n'komwe.

Phindu lenileni lili pa kuona. Nsomba zikabwera pamodzi mumadziwa ngati zikukula, ngati zili ndi zilonda, komanso ngati chakudya chikutsala. Tsiku lomwe mwagogoda koma osabwera, musathire chakudya. Ngati zikuyasamula pamwamba m'mamawa, mpweya wachepa m'madzi: lowetsani madzi atsopano ndipo muyambe mwaleka kuthira manyowa. Mu June ndi July madzi amazizira ndipo chambo chimadya pang'ono, ndiye chepetsani muyeso, chifukwa chakudya chotsala chimaola pansi n'kumaliza mpweya.

Ntchitoyi imaonongeka ana akamagogoda nsungwi mongosewera popanda chakudya, chifukwa nsomba zimasiya kulabadira. Ng'ombe ndi mbuzi zisamayende pa khoma la damu. Kupatula kuligumula, mgugu wawo umabalalitsa nsomba pa nthawi yodya. Ndipo kumbukirani kuti wakuba naye angagogode, choncho nsungwiyo muziizula mukamaliza kudyetsa.