Chozimitsira moto si chokongoletsera khoma

Chilimwe chino ndayenda m'zigayo, m'mashedi osungira mbewu ndi m'nyumba zogona ana asukulu, ndipo vuto ndi lomwelomwelo. Chozimitsira moto chili pakhoma, chofiira bwinobwino, koma singano yake yoonetsa mphamvu ya mpweya inachoka kalekale pobiriwira, pamene iyenera kuloza chikakhala bwino. Kapepala kolembapo tsiku limene anachiyesa kanafufutika, akangaude amangapo.

Ambiri mumagula chida chimenechi poopa oyendera malo a ntchito basi. Lamulo la 1997 loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha ogwira ntchito limafuna kuti pamalo a ntchito pakhale zida zozimitsira moto zosamalidwa ndi njira yothawira, koma oyendera akangotembenuka, chija chaiwalika. Ena mpaka mumakabwereka kwa mnzanu tsiku limenelo. Mukunamiza ndani?

Ufa wa m'katimo ukakhala zaka osagwedezeka umagwirana ngati simenti yolowa chinyezi, ndipo mpweya woukankha umathawa pang'onopang'ono. Tsiku la moto mukafinya, kungoti fyu, kwatha. Kumbukirani kuti magalimoto ozimitsa moto ali m'makhonsolo a mizinda, Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Inu a ku Jenda kapena ku Mitundu, akamafika denga lidzakhala litagwa kale.

Mlimi wina wa fodya ku Kasungu anandiuza kuti chake anagula chaka chimene anamanga shedi, osachitsitsapo. Kandulo ya mlonda itagwera pa mabelo, anachinyamula molimba mtima, sichinatulutse kanthu. Anazima ndi mchenga ndi nthambi mabelo ena atapsa kale, ngongole ya feteleza ili pomwepo. Mpaka lero bamboyo amati pali munthu anamuchita chipongwe.

Lamulo lokhala papepala chabe tinaliona ku Johannesburg pa 31 Ogasiti 2023, pamene moto wa m'nyumba ya Usindiso unapha anthu 76, ena mwa iwo Amalawi. Kafukufuku anapeza kuti akuluakulu a mzindawo sanaonetsetse kuti malamulo achitetezo akutsatidwa.

Zochita zake n'zochepa. Mwezi uliwonse onani singano, ndipo ngati ndi cha ufa chitembenuzeni muchigwedeze. Kamodzi pachaka akatswiri achiyese, alembe tsiku. Chikagwiritsidwa ntchito ngakhale pang'ono, kadzazitseni, ndipo musaunjike matumba patsogolo pake. Pozima lozani pansi pamene moto ukuchokera, osati pamwamba pa malawi. Pa moto wa magetsi kapena wa mafuta, madzi ayi.