Mawaya a ESCOM adutsa m'munda mwanu? Momwe mungalondolere chipukuta misozi

Ndime 44 ya malamulo aakulu a dziko lino imati boma litha kutenga malo a munthu pokhapokha ngati ndi a ntchito yothandiza anthu onse, mwini wake wadziwitsidwa nthawi yabwino ndipo wapatsidwa chipukuta misozi choyenera. Imaperekanso ufulu wokadandaula kukhoti. Kuno ku Blantyre nkhaniyi imakhudza makamaka anthu a kwa Kunthembwe, Kuntaja, Chigaru ndi Kapeni, komwe kumadutsa mawaya a magetsi ochokera ku Nkula ndi Tedzani.

Choyamba, musaphonye msonkhano womwe a ofesi ya DC amaitanitsa kudzera kwa mfumu. Funsani zinthu ziwiri: kukula kwa kanjira kosiyidwa pansi pa mawaya, ndi tsiku lotsekera kalembera wa katundu woti alipiridwe. Chilichonse chomangidwa kapena kudzalidwa tsikulo litadutsa salipira. Ena amathamangira kuumba njerwa akangomva mphekesera, mapeto ake amangotaya ndalama zawo.

Tsiku la kalembera ndi lomwe limagamula ndalama zanu, choncho pitani nokha, musatume mwana. Tengani chiphaso cha unzika, ndipo amfumu ndi oyandikana nawo malire akhalepo. Yendani limodzi ndi owerengera katundu a ku unduna wa za malo. Nyumba ayeze, alembenso ngati ndi ya njerwa zootcha kapena zidina, ya malata kapena ya udzu. Musaiwale khitchini, bafa, chimbudzi, khola, nkhokwe, chitsime ndi mpanda. Izi ndi zomwe zimatsalira kawirikawiri chifukwa eni ake amaziona ngati zazing'ono. Mitengo iwerengedwe umodziumodzi ndi mtundu wake, poti mango obereka sangafanane mtengo ndi bulugamu wongodzala chaka chatha. Ngati pali manda, nenani pomwepo. Jambulani zonse pa foni.

Mvetsetsaninso kusiyana uku: pamene pazikidwa nsanja ya mawaya kapena siteshoni ya magetsi, malowo apita basi. Pansi pa mawaya nthawi zambiri amalola kulima chimanga, nandolo kapena mbatata, koma kumanga nyumba ndi kudzala mitengo yaitali n'koletsedwa. Funsani kuti gawo lanu lili mbali iti, chifukwa malipiro ake amasiyana.

Dzina lolembedwa likhale la mwini munda weniweni. Kuno minda yambiri imayendera kuchikazi, ndiye si bwino kuti mkamwini alembetse yekha munda wa kwa mkazi wake. Wobwereka munda alembetse mbewu zake padera.

Akabweretsa pepala la ndalama, musafulumire kusaina kapena kudinda chala. Muwerenge, kapena wina wodalirika akuwerengereni, mufananize ndi zomwe zinalembedwa tsiku lija, ndipo mupemphe kope lanu. Mukasaina, kutsutsa kumavuta kwambiri. Dzina la pa akaunti ya kubanki lifanane ndi la pa chiphaso. Chilembo chimodzi cholakwika chimaimitsa malipiro. Musagwetse nyumba ndalama zisanalowe.

Ngati simukukhutira, lembani kalata ku komiti ya madandaulo ya ntchito yodutsitsa mawayayo, ina ipite kwa DC, ndipo yanu aidinde chidindo chosonyeza tsiku. Zikakanika, pitani kwa Ombudsman, kapena ku Legal Aid Bureau ngati mulibe ndalama ya loya. Malipiro akachedwa zaka, pemphani kuti katundu awerengeredwenso, chifukwa kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndipo ndalama yowerengeredwa kale singagule simenti ndi malata omwewo lero.