Mukapita ku Avebury musathere pa miyala pokha

Abale amene muli ku UK kuno, ngati mukufuna kukaona miyala yakalekale musangothamangira ku Stonehenge, pitaninso ku Avebury, kamudzi kakang'ono ka ku Wiltshire. Mbali ina ya mudziwo ili mkati mwenimweni mwa bwalo la miyalayo ndipo kulowa ndi ulele, mumayenda pakati pake kumaigwira ndi manja nkhosa zikudya msipu pambali panu. Kuchoka ku London kwerani sitima pa Paddington mpaka Swindon, pamenepo mupeza basi nambala 49 imene imaima m'mudzimo, koma muoneretu nthawi ya basi yomaliza makamaka Lamlungu.

Nkhani yaikulu ndi nsapato, valani zolimba osati zakutchalitchi zija, kukagwa mvula dothi lake la choko limaterera zedi komanso manyi a nkhosa ali paliponse. Mukatha miyala tsikani wapansi kukaona Silbury Hill, chiphiri choumba anthu ndi manja, kutalika pafupifupi mamita 40 koma salola kukwera. Kutsidya kwa msewu wa A4 kuli West Kennet Long Barrow, manda a zaka zoposa 5,000, mumalowa mpaka mkati koma muli mdima ndiye foni ikhale ndi moto muunikire. Madzi ndi kamba munyamuliretu, kumandako kulibe shopu.